Nkhope ya apongozi anga

Ndinapita ku Mzimba ngati mphunzitsi wochokera ku Dowa, n'kukwatiwa komweko ndi mwamuna wa ku Edingeni. Kujambula ndinkakonda chiyambire ubwana, koma penti wamafuta ndinamudziwa nditakula kale. Wansembe wina wokalamba wa paparishi yathu, pobwerera kwawo, anandisiyira timachubu ta penti, maburashi ndi tsamba la kalendala yakale. Patsambalo panali chithunzi chimene katswiri wina wa ku Ulaya anajambula zaka mazana angapo zapitazo: nkhalamba yandevu itakhala mumdima, kuwala kukuigwera tsaya limodzi lokha. Anati ngati ndikufuna kudziwa kujambula nkhope ya munthu, ndikopere imeneyo mpaka dzanja lizolowere.

Ndinamvera mopitirira muyezo. Nsalu ndinkaikhomera pa timatabwa ta paini wa ku Chikangawa, n'kuipaka yonse bii, kenaka n'kumaitulutsa nkhope mumdimamo pang'onopang'ono, chipumi, mphuno, tsaya. Penti ameneyu safuna munthu waphuma. Upaka lero, udikira aume, ndipo m'nyengo yozizira ya ku Mzimba amauma pamene wafunira. Mzungu wandevu uja ndinamukopera mpaka ndinkamujambula osayang'ana pepala. Mwamuna wanga ankandiseka kuti ndamubweretsera mnzake wolimbirana naye banja.

Apongozi anga aamuna, Mngoni wa ng'ombe zake, ankadana ndi kamera. Ankati ojambula amakuimika ngati mkaidi. Koma atabwera ku Boma kudzaonana ndi dokotala anagona kwathu, ndipo ataona nkhalamba yanga pakhoma anati munthu uyu anamujambula mwaulemu, iwonso akufuna chotere. Anauza mwana wawo, osati ine, ngakhale ndinali nditagwada pomwepo. Kwawoko mkamwana sayang'ana apongozi aamuna kumaso. Amalankhula ali chapatali, atawerama.

Nanga nkhope ya munthu ungaijambule bwanji osaiyang'ana? Iwo anakhala pampando pafupi ndi windo, kuwala kukuwagwera mbali imodzi monga ndinkafunira. Ine ndinakhala pansi chapakhomo, n'kumangosuzumira mwakuba. Akati akhosomole, maso anga athawira pansi. Mwamuna wanga anandinong'oneza kuti ndiwayang'ane, si mkango, koma khosi linakana. Jekete, ndodo ndi manja awo ndinazijambula bwinobwino. Pankhope, pamene maso anachita manyazi, dzanja linkangoikapo zimene linazolowera, ine osadziwa.

Chithunzi chitauma tinapita nacho kumudzi. Apongozi anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Yewo chomene," anatero. "Jekete ndi langa, ndodo ndi yanga. Koma mdala wavala jekete langayu ndi wa mudzi uti?"

Anthu anafa nalo phwete, ine n'kumafuna nthaka itang'ambika. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti mphuno ndi maso zinali za mzungu uja, khungu lokha ndilo linali lathu. Kuseka kutatha, apongozi anatembenukira kwa ine mwini, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Mkamwana, tikakolola fodya mudzayesenso. Mbwenu mudzandiyang'ane, ndakulolani."

Fodya akadali m'munda, iwo anatisiya. Nkhope yawo ndinaiona bwinobwino koyamba ili m'bokosi, tikudutsa pamzere. Mphuno inali yotakata, ndipo pamwamba pa diso lamanzere panali kachipsera kamene sindinkakadziwa n'komwe. Ndinalira mpaka azilamu anga anadabwa. Nditabwerera ku Boma ndinayesa kuwajambula kuchokera m'mutu, koma nthawi iliyonse mumdima muja munkatuluka mzungu yemweyo. Maburashi ndinawaika m'katoni, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Chithunzi cholakwikacho chili pabalaza kumudzi, poti china palibe. Mwana wanga wotsiriza anabadwa iwo atapita kale. Tikafika amathamangira pakhoma, n'kundionetsa agogo ake, amati iye anatengera mphuno yawo. Ine ndimangoti eya.