Malaiti a Nkhungu pa Vaneti ya Malemu

Linali Lachinai, mwezi wa Juni, nthawi ili hafu pasiti faifi m'mawa, pamene amuna anga anaphonya kamlatho ka pa dambo la kumunsi kwa mudzi wathu ndi kugwela m'ngalande. Anali kupeleka nthochi ku Nyimba, monga anali kuchitila masiku onse. Ine ndinali kusesa pabwalo ndipo sindinamve kalikonse. Anadzandiuza ndi mzimai wina wa kumadimba, atafika akuthamanga, chitenge chili m'manja.

Vaneti sinaonongeke kwenikweni. Bampala inapindika, laiti imodzi inasweka, basi. Koma iwo anamenyetsa chifuwa pa sitelingi, ndipo anamwalila kuchipatala dzuwa lisanalowe.

Dambo limenelo m'nyengo yozizila limagona nkhungu. Ukatsika kuchokela kumudzi umalowa m'chinthu choyela, dzanja lako lomwe osaliona bwino. Aliyense wa kwathu amadziwa zimenezi. Koma maliro atatha, palibe anatchula nkhungu. Onse anali kunena za galimoto.

Anaikoka ndi ng'ombe ndi kuiika pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa nyumba. Ana anauzidwa kuti asaiyandikile. Pa tsiku logawa katundu, apongozi anga analankhula ali chogwada pamphasa, osandiyang'ana.

"Chitsulo ichi chalawa magazi a mwini wake. Nkhwangwa ikatema munthu sitiibwezela m'nyumba. Chichoke pano."

Alamu anga, akulu ao a malemu, anavomela msanga. Anati akudziwa munthu wopanga ngolo za ng'ombe, amene amagula magalimoto akufa, n'kuchotsa mawilo ndi kumbuyo kwake. Anagwilizana kuti adzabwela chaka chikazungulila, tikaika mwala pamanda.

Sindinayankhe. Wamasiye pa tsiku limenelo samayankha. Koma vaneti imeneyo tinaigula ndi nshawa zimene ndinalima ine, ndipo kuyendetsa ndinali kudziwa. Malemu ndi amene anandikakamiza kutenga laisensi zaka za kumbuyo, amati, "Tsiku lina ndidzadwala nthochi zili zakupsa." Galimoto ikanapita, dimba lathu likanakhala la anyani, chifukwa nthochi sizifika pa mseu wa tala ndi mutu wa munthu mmodzi.

Mvula inabwela n'kupita. Nkhuku zinaikila mazila pampando. Tsiku lina ndikufunafuna mazilawo ndinatsegula boneti, ndipo munatuluka khoswe wamkulu ngati mwana wa mphaka. Mawaya ena anali atawatafuna mpaka mkuwa kuonekela. Ndinakwiya kwambili, kuposa mmene ndinakwiyila pamphasa paja. Ndinaona kuti tonse tinali kungodikila kuti chinthu chabwinobwino chiwole kuti tidzanene kuti chinali chowola.

Mawa lake ndinakwela minibasi ya ku Petauke.

Kumeneko kuli bambo wina wachikulile wogulitsa zitsulo zakale za magalimoto. Anabwela kuchokela ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali mnyamata, ndipo sanabwelelenso. Malemu anali kugula kwa iwo. Manja ao tsopano amanjenjemela, sagwilanso sipanala, koma pakamwa mpakuthwa.

"Ndifuna malaiti oona mu nkhungu," ndinatelo.

"Adzamanga ndani, amai?"

"Ine."

"Inu? Munamangako chiani?"

"Khola la mbuzi."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Chabwino. Mbuzi zikapanda kuthawa, magetsi naonso sathawa. Khalani apa."

Anandipezela malaiti awili achikasu, akale koma amoyo. Kenako anayala zonse pa thebulo monga mmene zidzakhalile m'galimoto: batile apa, pafupi nayo fyuzi, kenako kabokosi kakuda kamene amati lileyi, swichi cha uko, malaiti kumapeto. Anati fyuzi ndi yofunika kuposa zonse, chifukwa zinthu zikalakwika imapsa iyo m'malo mwa galimoto yonse. Anati lileyi ndi wantchito wonyamula moto waukulu, swichi imangomutuma. Waya wakuda ndiumangilile pa chitsulo cha galimoto, koma ndiyambe ndapala penti mpaka pawale.

Kuwelenga ndimadziwa pang'ono, koma manambala a pa kabokosi kaja anali ang'onoang'ono. Ndinang'amba m'mphepete mwa chitenge changa, ndi kumanga kansalu pa waya uliwonse ndi pa mwendo wake wa lileyi, kofiila ndi kofiila, kobiliwila ndi kobiliwila.

"Musanagwile waya uliwonse, chotsani batile," anatelo. "Ndipo malaiti muwamange pa bampala, pansi."

Ndinavomela ndi mutu, koma mumtima ndinakana. Bampala ija sindinali kuiyang'ana nkomwe. Inali ikadali ndi matope a m'ngalande muja, ouma. Ndikapita kuseli ndinali kuzungulila cha kumbuyo.

Ndinayamba ndi mawaya odyedwa ndi makoswe. Ndinali kudula pamene paonongeka, kulumikiza watsopano, kupota, kukulunga tepu. Ntchito yake siisiyana kwambili ndi kukonza mphasa, kungoti zala zimachekeka. Batile ndinaipeleka pa njinga kwa anthu a sola kuti aidzaze. Tsiku limene injini inalila, itatsokomola utsi wakuda, nkhuku zonse zinabalalika ndipo alamu anafika nsapato zili zosamanga.

"Mlamu, ndi chiani ichi?"

"Ndi galimoto."

"Tinagwilizana kuti isagwilidwe."

"Munagwilizana. Ine munandimva ndikulankhula?"

"Mufuna itengenso wina? Mufuna tiike maliro awili?"

"Alamu, chimene chinapha mng'ono wanu ndi nkhungu. Ngati mufuna chogulitsa kwa wopanga ngolo, kagulitseni nkhungu."

Alamu anati wopanga ngolo uja abwela ndithu mwala ukaikidwa, ndipo zimene ndikuchitazo ndikungomukonzela iye.

Malaiti ndinawamanga pamwamba, pa chitsulo cha kuseli kwa kabini. Ndinadziuza kuti wofuna kuona patali amakwela pachulu. Waya ndinaupititsa pansi pa mpando, swichi ndinaiboolela pafupi ndi sitelingi. Fyuzi yoyamba inapsa nthawi yomweyo chifukwa waya wina unali kukhudza chitsulo pamene ndinakulunga tepu mwaulesi. Ndinaufunafuna tsiku lonse. Yachiwili inagwila, ndipo mtengo wa mango wonse unasanduka wachikasu.

Kuzizila kutayamba, m'mawa wina ndinaona kuti dambo layela. Ndinalowa m'galimoto ndekha, popanda katundu, ndi kutsika pang'onopang'ono. Nditalowa mu nkhungu ndinayatsa malaiti anga.

Sindinaone kanthu. Kutsogolo kwa galasi kunaima chipupa chowala, ngati wina wapachika nsalu. Ndinachita mantha, ndipo dzanja langa linapita lokha kukayatsa malaiti aakulu owala patali. Chipupa chinawala koposa. Ndinaponda buleki ndi kuzimitsa injini.

Ndinakhala pamenepo manja ali pa sitelingi. Amuna anga anali munthu wokonda kuwala. Kukangoda pang'ono anali kuyatsa aakulu, amati maso ao atopa. Sindinalipo tsiku lija, ndipo palibe analipo, koma ndinadziwa kuti chipupa chimenechi ndi chimene anachiona pomaliza. Ndinalila mmene sindinalilile pamaliro, poti pamaliro panali anthu ondigwila.

Nditatsegula chitseko kuti nditsike, ndinaona chinthu chimene sindinachionepo ngakhale ndinakulila m'mbali mwa dambo. Pansi panali kuoneka. Nkhungu inali kuyambila cha m'maondo. Nditanyonyomala ndinaona mseu, udzu wa m'mbali, ngakhale m'mphepete mwa kamlatho, kamene kanali pafupi kuposa mmene ndinali kuganizila.

Ndinaimbila foni bambo a ku Petauke aja.

"Mwamanga kuti?"

"Pamwamba."

"Amai, ndinati chiani ine?"

"Munati pansi."

"Ndiye manje mwayatsila angelo. Nkhungu siikhudza dothi. Laiti ipite m'munsi mwake ngati njoka, osati kuimenya kumaso."

"Bampala ndi yopindika."

Nkhani ya malemu anali kuidziwa. "Iwongoleni," anatelo.

Ndinayamba ndi kuitsuka. Ndinatenga ndowa ndi chiguduli, ndi kuchotsa matope aja onse. Kenako ndinabweleka tcheni chokokela pulawo, mbali ina ndinamanga pa bampala, ina pa tsinde la mango, ndi kubweza galimoto kumbuyo pang'onopang'ono. Anthu anasonkhana patali. Mzimai wa kumadimba uja, amene anandibweletsela uthenga, ndi amene anafuula.

"Anzanga, mwaimanga kuti isathawe? Muipatseko udzu!"

"Bwelani muione ngati yawongoka!"

"Ndionela konkuno. Kumanzele kukadali!"

Anandiongolela ali chiimile patali choncho, mpaka bampala inabwelela, osati bwinobwino, koma mokwanila. Mango anagwetsa masamba ambili. Ndinaboola mabowo awili, ndi kumanga malaiti m'munsi mwa bampala, atayang'ana pansi pang'ono. Waya wautali uja ndinaudula, wakuda ndinaupezela malo atsopano ndi kupala penti. Laiti yosweka ija ndinaisinthanso.

Mwala tinauika Loweluka. Lolemba m'mawa alamu anafika ndi wopanga ngolo, ng'ombe ziwili zili pa goli. Anandipeza nditapakila kale nthochi, injini ikulila, ine ndili pampando.

"Tsikani, mlamu."

"Sinditsika."

"Amai analamula."

"Amai ndimawalemekeza. Mwana wao ndamulila chaka chathunthu, sindinaphonye mwambo uliwonse. Koma ana a mwana waoyo amadya nthochi izi zikafika pa tala."

Wopanga ngolo anazungulila galimoto, anagogoda tayala ndi phazi, anawelama kuona malaiti achikasu.

"Bambo, munati ndi yakufa," anauza alamu.

"Inapha munthu."

"Zimenezo sindikudziwa. Ine ndimadula zakufa. Iyi ikupuma, ndipo mwini wake ali mkati. Ng'ombe zanga sizikoka milandu."

Anatembenuza ng'ombe zake. Alamu anaima kutsogolo kwa galimoto kwa kanthawi, manja m'chiuno. Sindinalize huta, sindinazimitsenso injini. Ndinangodikila. Potsiliza anapatuka, nati, "Chikachitika musadzatiitane."

Ndinatsikila ku dambo. Nkhungu inali yambili. Ndinazimitsa malaiti aakulu, ndi kuyatsa achikasu. Kuwala kunayenda pansi, ndipo ndinaona mizele ya matayala, udzu, ndi m'mphepete monse muwili mwa kamlatho. Ndinaoloka.

Kutsidya ndinapeza mzimai wa kumadimba atakhala pa dengu la matimati. Anali ataoloka wapansi kukadali mbandakucha.

"Pamlatho paja sindikwela," anatelo, "koma matimati awa sadikila. Tsegulani kumbuyo."

Nyengo yonse yozizila ija zinali choncho. Azimai anali kukweza madengu kumudzi, tikafika pa dambo onse n'kutsika, kuoloka wapansi ine ndikuwatsatila pambuyo ngati ndikuweta mbuzi, kutsidya n'kukwelanso. Sindinawanyengelele. Anasiya okha, mmodzimmodzi, mame atawatopetsa.

Kuyambila pamenepo ndakhala ndikuikonza pang'onopang'ono. Ndinaika matabwa m'mbali kuti madengu asagwe. Mpando umene nkhuku zinaononga ndinausokela saka. Ndinalumikiza potchajila foni, ndi fyuzi yakeyake, ndipo azimai amakanganilana ngati pa mjigo. Mawaya onse a mu boneti ndinawalowetsa m'paipi yakale ya kudimba kuti makoswe akanike.

Alamu amandipatsa moni wa pakamwa chabe. Apongozi sanakwelepo, ndipo sindikhulupilila kuti adzakwela. Akamva injini amalowa m'nyumba. Koma chaka chino ndinapeza thumba lao la nshawa lili m'mbali mwa mseu, pa njila yochokela kwao. Ndinalikweza, ndinaligulitsa, ndalama zao ndinawatumizila. Sitinakambilanepo za zimenezo.

Masiku ano ndimadzuka kukadali chisisila, ndimaona mafuta ndi madzi, ndimapukuta magalasi a malaiti achikasu, ndipo ndimanyamula nthochi ndi azimai a kumadimba kupita nao ku Nyimba kudzela pa dambo.