Asilikali a Bambo a Chipinda Chapansi

Chibwerereni kuchokera kunja sindikhazikika, koma bambo a chipinda chapansi, msilikali wopuma, amandikhazika pansi. Tsiku lonse amapenta tiasilikali tapulasitiki, tochepa ngati chala, n'kutindandalika patebulo kuti timenye nkhondo zamakedzana. "Awa akafa amadzuka," amatero. Maso awo achita ng'ala, koma nkhani imeneyo safuna kuimva.

Loweruka anandiitana kuti tisewere. Magulu onse awiri anali atawapaka utoto umodzi, osadziwa. Anaponya madayisi n'kuyamba kugwetsa adani.

"Bambo, mukuphawo ndi anu omwe," ndinatero.

Anatola kasilikali kamodzi n'kukayandikiza kumaso.

"Mwanawe, kumene ndinapita ine zinachitikanso choncho."

Anakagoneka pambali. Kameneko mpaka lero sanakadzutse.