Nyale ya Mkwatibwi

Mkulu wamagetsi wa mumsewu wathu ku Shubra sadziwa kuseka. Akalowa m'nyumba, moni amabwera pambuyo, amayamba wanunkhiza makoma. "Waya sanama," amatero, "amanama ndi eni nyumba."

Sabata yatha a Hajji Mursi anamuitana kuti apachike chinyale chagalasi m'nyumba imene mwana wawo adzalowe ndi mkwatibwi. Mkuluyo atatsegula khoma anapeza mawaya osupuka, oonda ngati ulusi.

"Onsewa tisinthe," anatero mkuluyo.

"Ukwati ndi Lachinayi, bambo! Alendo saona zam'khoma. Ingopachikani."

Mkuluyo anatseka bokosi la zida, maso ali psuu. "Mawu amenewo ndinawamverapo kamodzi, a Hajji. Nyumbayo itapsa, alendo omwewo anabweranso kudzalira maliro. Itanani wina!"