Mazira Awiri a pa Chiweta

Adada anamanga mazira awiri m'kampango, n'kukoleka kukamtengo, n'kuviika m'kasupe. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinali titatsika matola pa Chiweta kuchokera kwathu ku Mlowe. Iwo anali ndi chikwama chachikulu. Ine ndinalibe kanthu, komabe ndinkati tipitira limodzi.

Madziwo ankatuluka pansi akuwira, popanda nkhuni. Nthunzi yake inkanunkha ngati dzira lovunda. Nditafuna kupisamo chala, adada anandimenya padzanja.

Anali munthu wosakonda kuyankhula, koma tsiku limenelo anayankhula. Anati moto wophika madziwo uli pansi pa nthaka, ndipo njira yake imakafika ku Tanzania, komwe ankapita kukathyola tiyi. Kumeneko kuli phiri lomwe kale linkalavula moto. Motowo utazima, pakamwa pa phirilo panadzaza madzi, n'kukhala nyanja yozungulira ngati lichero, yobiriwira, yopanda mafunde, yopanda bwato ndi limodzi lomwe. Ine mwana wa kwa asodzi, nyanja yopanda bwato sindinkaimvetsa. Mtima unapita komweko.

"Ndikaiona mawa, adada?"

Anavuula kampango kaja, anasenda dzira limodzi, n'kundipatsa.

Kwathu mwana sankadya dzira. Ankati akalawa adzayamba kuba m'khola. Mazira anali a mwini khomo. Ndinacheuka uku ndi uku, ngati amama atulukira.

"Idya. Linalo nalonso n'lako."

Ndinadya onse awiri, akuotcha, opanda mchere. Ndinkayesa kamba wa paulendo.

Matola obwerera ku Mlowe atafika m'pamene ndinadziwa kuti ndikutsala.

Adada sanabwerenso. Makalata anafika awiri, kenako zii. Panopa ndapitirira msinkhu umene iwo anali nawo tsiku lija, ndipo nyanja ija sindinaionebe. Za mazira ndinazimvetsa mochedwa, nditayamba kusoka ndekha ukonde wawo ndi kufolera nyumba ya amama. Ankandisiyira khomo. Mawu onenera analibe.

Ndikamadutsa pa Chiweta fungo lija n'kundipeza, ndimawaonanso. Anandikweza m'matola, n'kuuza kondakitala ponditsitsira. Ndinafunsanso za nyanja ija. Anandipukuta pakamwa ndi kampango, kakadali kofunda, n'kukaika m'thumba la malaya anga. Kenako anasenza chikwama, anawoloka msewu, n'kulowera cha ku Karonga, osacheuka.