Anamabotolo ndi Mpopi Wodwala Shuga

Amayi anga sakhulupirira chinthu chimene chikadali m'paketi yake. Mchere, mabatani, ngakhale misomali ya bambo, zonse amazikhuthulira m'mabotolo agalasi n'kuzindandalika ngati ana a sukulu. Anagwira ntchito yoika katundu m'mashelefu a sitolo mpaka msana unakana, koma manja sanapume. Anthu a mumsewu mwathu amawatchula Anamabotolo, ndipo iwo amayankha.

Achimwene awo atamwalira ndi matenda a shuga, amayi anayamba kuwayang'ana bambo ndi diso lina. Bambo ndi kalipentala wa mimba yake, ndipo tiyi wawo ankachita kumata milomo. Tsiku lina amayi anabwera kuchokera ku famase, kogula mankhwala, ndi kabotolo kakuda ka timapepala toyezera mkodzo. Kapepala kalikonse kali ndi kachigamba ka mankhwala kunsonga. Umakaviika mumkodzo, umadikira nthawi imene analemba, kenako umayerekeza mtundu wake ndi mitundu yojambulidwa pabotolopo. Shuga akakhalamo, kachigambako kamada.

Kabotolo kakudako sikanagone m'nyumba. Timapepala tinasamukira m'botolo lagalasi lopanda chitsekero, pazenera la kubafa, pomwe nthunzi ndi dzuwa zimasinthana. Kathumba koyamwa chinyontho kamene kanali m'kabotolomo amayi anakataya, ati ndi chinyalala. Pepala la mitundu analimatula n'kulimata pakhoma.

M'mawa uliwonse amayi ankawayezetsa bambo mkodzo, ndipo poyamba zonse zinali myaa. Patapita masabata, kachigamba kanayamba kuda, ndipo bambo analowa m'ndende ali m'nyumba mwawo. Shuga anasowa patebulo, masikono analetsedwa. Kuchipatala bambo anakanitsitsa, ati munthu wonyamula chitseko yekha sakhala pamzere wa odwala. Ine ndinkangofa nako kuseka poona nkhope yawo pomwa tiyi wowawa. Koma amene ankaonda anali amayi.

M'mawa wina bambo anatopa nazo. M'malo mwa mkodzo, anaviika kapepala m'madzi a pampopi.

"Amayi a ana, tabwerani kuno! Mpopi wanu ukudwala shuga."

"Musandiseweretse, bambo inu."

"Onani nokha. Mawa muuletse tiyi nawonso."

Amayi anaviika kawo. Kanatuluka kakuda ngati ka bambo. Anatenga kena kouma, n'kuona kuti kanada kale kasanakhudze kanthu.

Amayi atabwerera ku famase kuja, wogulitsa mankhwala anamva nkhaniyi n'kugwira m'chiuno. Anati timapepalati timaopa mpweya, chinyontho ndi dzuwa, n'chifukwa chake timakhala m'botolo lakuda lotsekedwa zolimba. Tikawonongeka timanama, mwina kuopseza munthu wabwinobwino, mwina kutonthoza wodwala.

"Komanso mayi, mkodzo umangonong'oneza," anatero. "Chilungamo chili m'magazi."

Ulendo uno bambo anapita kuchipatala mosakakamizidwa, amayi ndi ine tili pambuyo, kuti akapambane mlandu pamaso pa mboni. Namwino anawabaya chala, nati shuga ali bwino, koma mimbayo aichepetse. Bambo anangomva mbali yoyambayo.

Anatuluka akuseka, akufotokozera ngakhale mlonda za mpopi wodwala. Titacheuka, tinaona amayi atakhala pamasitepe, chikwama chili pamiyendo.

"Ndiye simukufa?" anafunsa.

"Ine? Ndifere chiyani?"

"Suti yanu yakuda ija ndinaichapa kale, n'kuisita," anatero amayi, misozi ili chuchuchu. "Sindinkafuna kuti anthu adzandipeze wosakonzeka ngati muja zinachitikira ndi achimwene."

Kuseka kwa bambo kunathera pomwepo. Anakhala pansi pambali pawo, anthu n'kumawalambalala.