Batani Lofiira la Makina a Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume anga, a Yotamu, anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi chikatoni chomanga ndi zingwe. Kwawo ku Msakambewa nyumba inkadontha, choncho katunduyo anamusiya kwathu, pasukulu ina pafupi ndi Madisi pomwe bambo ankaphunzitsa.

Anali makina oimbira makaseti, onyezimira, ndi masipika awiri amatabwa. Amalume anaika sipika ina pakona iyi, ina pakona iyo, n'kulumikiza batire ya galimoto. Nyimbo itayamba, gitala ankamveka kumanzere, ng'oma kumanja, ine n'kumatembenuka kufunafuna oimbawo. Kumaso kwake kunali timawindo tiwiri towala, ndipo m'katimo timivi tinkavina motsatira mawu. Koma chimene chinanditenga mtima ndi batani lofiira. Amalume anandionetsa kamodzi kokha: ukalidina pamodzi ndi loimbira, n'kulankhula pa kamaiki ka chingwe, makinawo amasunga mawu ako.

Loweruka lina masana m'nyumba munalibe munthu. Ndinaika kaseti yopanda kanthu, n'kudina mabataniwo, n'kuimba nyimbo ya kwaya yathu ya ana. Ndisanaimvetsere n'komwe, mayi anakuwa kuti mbuzi zalowa m'dimba. Ndinathamanga, osazimitsa. Makinawo akamajambula sachita phokoso, ndiye bambo ndi amalume atalowa n'kukhala pansi, sanadziwe kanthu.

M'mawa mwake titaweruka kutchalitchi, kunabwera a Kachingwe, tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Bambo amenewa ankaima pachipata cha msika kufunsa makhadi a chipani, ndipo wopanda khadi ankabwerera ndi dengu lake pamutu. Anamva za makinawo, anafuna kuwaona ndi maso. Mayi anawapatsa tiyi ndi mbatata. Ine, pofuna kutamidwa, ndinagwada pafupi ndi bambo n'kupempha kuti alendo amve kaseti yanga. Bambo anaseka, navomera.

Mawu anga anatuluka aang'ono, othamanga. A Kachingwe anaomba m'manja. Kenaka tepi inangoti sii, chitseko n'kulira, mipando n'kukokedwa. Ndiyeno mawu a bambo, omveka bwino ngati ali m'masipika onse awiri:

"Alamu, dziko lino latitopetsa. Mayi woyembekezera akumuuza agule makhadi awiri, lina la mwana wam'mimba. Mphunzitsi mnzathu uja anamutenga mwezi watha, mpaka lero mkazi wake sakudziwa komwe ali."

Mayi anaima ndi ketulo m'manja, tiyi akutayikira pansi, osaona. Bambo anayang'ana masipikawo kukamwa kuli yasa, nkhope yawo itatuwa ngati phulusa. Amalume anatambasula dzanja kuti azimitse, koma a Kachingwe anakweza chala. Tinamvetsera zonse, timivi tija tikuvina ndi mawu a bambo monga tinkavinira ndi gitala.

Zitatha, a Kachingwe anayang'ana m'kapu.

"A Yotamu, makina awa akasunga mawu, amafufutika?"

"Amafufutika, bwana. Mukajambula zina pamwamba pake."

"Bwezani tepiyo poyambira."

Amalume anabweza. A Kachingwe anandiyang'ana.

"Iwe Naphiri, nyimbo yako ija yafupika. Imbanso, ndipo usaleke mpaka tepi ithe."

Ndinagwira kamaiki ndi manja awiri. Ndinaimba nyimbo zonse zimene ndinkadziwa, zitatha n'kuzibwerezanso, misozi ikulowa m'kamwa. Theka la ola lija ndi lalitali kuposa lina lililonse pa moyo wanga. Tepi itafika kumapeto, mabatani anadumpha okha, tonse n'kudzidzimuka.

A Kachingwe anamaliza tiyi wawo wozizira, natenga chipewa.

"Aphunzitsi, mwana wanu ali ndi mawu abwino. Ndi okhawo amene ndamva m'nyumba muno."

Bambo sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Kwa mwezi wathunthu kuseri kwa chitseko kunkakhala chikwama chokhala ndi bulangete ndi Baibulo, ndipo galimoto ikamveka pamsewu, bambo ankaleka kulemba pabolodi n'kumvetsera mpaka idutse. Palibe anabwera. Tsiku limene anamasula chikwamacho anangondiuza kuti, "Mwanangu, chinthu ukachiyatsa, uzikhala pomwepo mpaka uchizimitse."

Kwa zaka zambiri ndinkayesa phunziro lonse linali lomwelo. Ndakula tsopano, ndipo ndikuona china. Masiku amenewo, womva mawu otere n'kusakanena, mlandu unkakhalanso wake. M'chipinda muja munali akulu anayi, ndipo mmodzi akanangotayira pakamwa pamowa, a Kachingwe akanapita kundende limodzi ndi bambo. Ankadziwa zimenezo pamene ankandiuza kuti ndiimbe. Sindinganene kuti anali munthu wabwino. Ambiri analira chifukwa cha iwo. Koma bambo anga anamwalira ali nkhalamba, pabedi lawo, ana tonse titawazungulira.