Ndinabisa Mimba kwa Anamwino

Ndinanama kamodzi kokha kukiliniki, ndipo bodza limenelo likundidya mpaka lero. Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, ndimvereni, chifukwa izi sindinachite kumva kwa munthu.

Ndinakhala pabanja zaka zisanu kumudzi kwathu kufupi ndi Sinda popanda mwana. Nditadumpha miyezi iwiri osasamba ndinadziwa kuti zatheka, koma ndinatseka pakamwa. Kwathu mimba yaing'ono sitiitchula, timaopa kuti a mtima woipa angaimange. Ngakhale amuna anga sindinawauze.

Nthawi yokolola thonje ndinayamba kuyabwa kumaliseche, kukutuluka zoyera ngati chambiko. Ndi mauka aja timawadziwa tonsefe. Alamu anga, mlongo wa amuna anga, anandikweza panjinga kupita kukiliniki. Ndi munthu wabwino mtima, koma nkhani akaimva m'mawa, pofika masana imakhala ili kale kuchigayo. Analowa nane m'chipinda, ine n'kuchita manyazi kuwatulutsa.

Anamwino atandiyeza anandiyang'ana m'maso.

"Amayi, muli ndi pakati, kapena mukukayikirako?"

Alamu anali atatchera khutu. Ine ndinati ayi.

Anandipatsa kapisozi mmodzi wotchedwa fulukonazo. Anati ndimwe kamodzi basi, ndidikire masiku atatu, zikapanda kusintha ndibwerenso. Ndinameza pomwepo. Kutacha, kuyabwa kunalipobe, ndipo ndinaganiza kuti kambewu kamodzi sikangathe matenda otere. Tsiku la msika ndinaonetsa kapaketi kaja kwa bambo wina wogulitsa mankhwala patebulo, amene ankati katundu wake amaoda cha ku Vubwi. Sanandifunse chilichonse, anangondigulitsa makapisozi omwewo. Ndinamwa tsiku ndi tsiku sabata yathunthu.

Kuyabwa kunathadi. Koma m'mimba munayamba kupotokola, msana kuwawa, ine n'kumadzinamiza kuti ndi mmene mimba imachitira. Mantha ndinali nawo, koma ndikanauza ndani, popeza palibe ankadziwa? Lachinayi lina ndili m'munda, thumba la thonje lili kumsana, ndinamva zofunda zikutsika m'miyendo. Nditayang'ana, chitenje chinali chitafiira.

Ananditengera kuchipatala pangolo. Kumeneko anati ndapita padera, ndipo ndinaulula zonse ndikulira. Adokotala sanandinamize. Anati mimba zina zimachoka zokha, sangalumbire kuti ndi mankhwalawo, koma akumwawa amawonjezera ngozi kwa mayi woyembekezera, makamaka akachuluka. Anatinso oyembekezera ali ndi awo, ochita kuika kumaliseche, ndipo kukiliniki kuja analipo.

"Mukanangonena, amayi," anatero.

Inu owerenga, bisani mimba kwa mudzi wonse ngati mukufuna, koma musabise kwa amene akukupatsani mankhwala. Ngati m'chipindamo muli wachibale, pemphani kuti ayambe watuluka. Muwauzenso ngati mukuyamwitsa kapena mukumwa mankhwala ena. Akati kamodzi, imwani kamodzi n'kudikira, ndipo zikakanika bwererani komweko, osati kumsika.

Amuna anga anamva tsiku limodzi kuti kunkabwera mwana ndiponso kuti kulibe. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa akanandikalipira. Papita zaka zitatu, sindinaimenso.